Mfumu Yoyenda Cham'mbali

Bambo anga atadwala sitiroko, mawu onse anawathawa, anangotsala ndi amodzi: "ayi." Mukawafunsa ngati akufuna tiyi, ankati ayi, koma dzanja lawo lamanzere lili kale pakapu. Mukawafunsa ngati adzuka bwino, ayi. Tsiku lina akulu a mpingo anabwera kudzawapempherera, ndipo aliyense atanena ameni, bambo anati ayi, mokweza ndithu. Achemwali anga anathawira kukhitchini kukaseka, koma nditawatsatira ndinawapeza akulira.

Dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinali zitafa. Ankakhala m'nyumba yawo ku Manja, imene anamanga atapuma ntchito ya kunjanji ku Limbe. Mayi anali atatisiya kalekale. Ana awo tinalipo awiri mu Blantyre muno: achemwali anga aakulu, aphunzitsi okhala ku Nancholi, ndi ine wa ku Chirimba. Ndinene zoona pano pomwe kuti musanditame pachabe. Amene ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwachapira anali achemwali. Ankafika m'mawa asanapite kusukulu, n'kubweranso akaweruka, ndipo masiku ambiri ankagona komweko, ana awo atawasiya ndi amuna awo. Ine ndinkapita Lamlungu, nditanyamula nthochi ndi nkhope yachisoni. Kunyumba kwanga kunali chipinda chosagona munthu, koma chinali chodzaza ndi makompyuta akufa amene ndinkati ndidzakonza tsiku lina.

Patatha miyezi inayi achemwali anali ataonda ngati odwalawo ndi iwo. Ndipamene bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, anaimba foni kuchokera kumudzi ku Nsanje. Anati abwera Loweruka ndi galimoto kudzatenga akulu awo, akakhale kumudzi kumene kuli manja ambiri. Titawauza bambo, anati ayi, ayi, ayi, akupukusa mutu. Koma ayi wa munthu amene amakana tiyi ali mkati momwa tikanamuwerengera bwanji?

"Ine funso langa ndi limodzi," anatero bambo aang'ono pafonipo. "Mutu ukugwira? Ngati ukugwira, sitinganyamule munthu wamkulu m'nyumba mwake ngati thumba la chimanga. Koma ngati sukugwira, tiganize ndife. Iwe wa makompyuta, kawaone bwinobwino undiuze."

Ndimagwira ntchito mu ofesi ina m'tauni. Ntchito yanga yeniyeni ndi kutsegula pulinta ikatsamwa pepala ndi kukumbutsa abwana mapasiwedi awo, koma kwathu amanditenga ngati dokotala wa chilichonse chimene chimaganiza. Ndinavomera, ndipo sindibisa, ndinanyada kuti afunsa ine.

Bambo anali munthu wa tchesi. Anaphunzira kunjanji komweko, kumene ntchito yawo inali kuonetsetsa kuti sitima ziwiri zisakumane panjanji imodzi: iyi idikire pasiteshoni yakuti, iyo idutse kaye. Moyo wawo wonse unali wowerengera kuti afike poyamba ndani. Anandiphunzitsa ndili wamng'ono, ndipo sindinawagonjetsepo ngakhale kamodzi. Ine ndine munthu wa phuma, ndimafuna kudya mfumukazi ya mnzanga msanga anthu andiombere m'manja. Iwo ankangosinthanitsa zida, chawo chidyedwe, changa chidyedwe, mpaka pabolodi patsale mafumu awiri ndi maponi, tiasilikali ting'onoting'ono tija toyenda kabokosi kamodzikamodzi, tosabwerera m'mbuyo. Zikafika pamenepo ankakhazikika bwino pampando n'kunena kuti, "Tsopano masewera ayamba." Kwa ine apo masewera amakhala atatha kale, ndikungodikira kugonja.

Ndili kukoleji ndinalemba pulogalamu yangayanga ya tchesi, cholinga chili chimodzi, chakuti idzandibwezerere kwa mkuluyu. Kagwiridwe kake n'kosavuta kufotokoza. Imayesa sitepe iliyonse imene ingatheke, kenako yankho lililonse la mdani, kenako yankho la yankholo, mpaka pamalire amene mwaiikira. Ikafika pamalirepo imawerenga kuti ndani ali ndi zida zambiri, ndani wayandikira pakati pa bolodi, n'kusankha njira yooneka bwino. Ine malirewo ndinaika pa masitepe asanu ndi atatu, anayi ake, anayi a mdani. Sindinasankhe nambalayi mwanzeru ina iliyonse. Laputopu yanga inali nkhalamba, ndimasewera pa nthawi ya nkhomaliro, ndipo kudikira kumandipweteka m'mafupa. Pa masitepe asanu ndi atatu inkayankha ndisanameze chimene ndikutafuna, ndipo inkandikwapula tsiku lililonse, choncho ndinkaikhulupirira kuposa m'mene ndimakhulupirira anthu ambiri. Bambo anakana kusewera nayo. Anati sangataye nthawi ndi chinthu chosachita manyazi chikagonja.

Lachinayi ndinapempha kuweruka msanga, n'kukwera minibasi ya ku Manja, laputopu ili m'chikwama. Ndinawapeza pakhonde, bolodi lawo lakale lili pakatebulo patsogolo pawo. Achemwali anali kuseri akuyanika zofunda.

"Ndi zomwezi tsiku lililonse, masabata atatu tsopano," anandinong'oneza achemwali atabwera pakhondepo. "Amaika choncho, n'kumayendetsa kamfumuko uku ndi uku ngati nkhuku yofuna poikira. Akamaliza amabwezera, n'kuyambiranso. Munthu akadutsa amamukoka malaya kuti aone."

Pabolodi panali mafumu awiri ndi maponi asanu ndi awiri, oyera anayi, akuda atatu. Maponiwo anali atagundana mphuno, panalibe ngakhale imodzi yotha kusuntha. Anali ngati mpanda wodula bolodi pakati, wokhala ndi mipata iwiri yokha, wina kumanzere, wina kutali kumanja. Mfumu yoyera inali pakona penipeni, m'munsi kumanzere, ndipo yakuda inali kumtunda, mbali yomweyo. Ngakhale ine ndinaona zoyenera kuchita. Mfumu yoyera ithamange kutsogolo, ikalowe pampata, ikadye maponi akuda, nkhani ithe.

Bambo anandiyang'ana, kenako anagwira mfumu yoyera ndi dzanja lawo lamanzere lonjenjemera. Sanaipititse kutsogolo. Anaikankhira cham'mbali, kabokosi kamodzi, pamzere wakumbuyo womwewo. Anayendetsa yakuda, n'kukankhanso yoyera cham'mbali. Kachitatu, cham'mbali. Kenako m'malo mopitiriza, anaibweza chakumene inachokera. Mtima wanga unasweka. Munthu amene ankayendetsa sitima ndi pensulo tsopano akuyendetsa mfumu ngati woledzera wosowa khomo la nyumba yake.

"Bambo, mfumu ipite kutsogolo," ndinatero mokweza, monga timalankhulira ndi anthu amene tawaweruza kale.

"Ayi."

Ndinatsegula laputopu n'kuika zida monga zinalili pabolodi. Inayankha nthawi yomweyo. Mfumu ipite kutsogolo, ndipo oyera ali patsogolo ndi poni imodzi. Sitepe ya bambo inaiika kumunsi kwenikweni, pamodzi ndi zopanda pake. Ndinawatembenuzira laputopuyo.

"Mwaona? Nayonso ikuti kutsogolo."

Sanaiyang'ane n'komwe. Anandigwira mkono wa malaya, kenako anakankhira mfumu yakuda kwa ine. Ndinamva zimene ankafuna: nditenge akuda, tisewere, ndione ndekha. Koma nthawi inali ikupita kumadzulo, kupita ku Chirimba ndi maminibasi awiri, ndipo kumwamba kunali kutada ngati kugwa mvula. Ndinati tidzasewera Lamlungu, osaganiza n'komwe kuti Lamlungu adzakhala ali ku Nsanje. Iwo sanataye malaya anga. Ndinachotsa zala zawo chimodzichimodzi, ndikumwetulira kuti zisaoneke.

Pageti ndinauza achemwali kuti, "Mutu sukugwira. Ngakhale tchesi aiwala." Anausa moyo, n'kupukuta manja pachitenje. Bambo aang'ono ndinawaimbira ndili mu minibasi, ndikupikisana ndi kondakitala kukuwa. Nditadula foni ndinamva chisoni, koma pansi pa chisonicho panalinso mpumulo. Makompyuta anga akufa akhala m'chipinda mwawo mwamtendere.

Chimene chinandipulumutsa ku bodza langa ndi khalidwe la mu ofesi. Ife anthu a mu ofesi sitikhulupirira kuti nkhani yatha ngati palibe pepala. Lachisanu pa nkhomaliro ndinaganiza zosindikiza masewera onse, kuti Loweruka ndidzaonetse bambo aang'ono m'mene oyera amapambanira akapita kutsogolo. Ndinauza pulogalamu kuti isewere mbali zonse ziwiri yokha, ine n'kutsegula tchipisi changa.

Mfumu yoyera inathamanga kutsogolo monga inalonjezera. Itafika pampata wakumanzere inapeza yakuda yaima kale pamenepo. Inathamangira kumpata wakumanja, n'kupeza yakuda yafikanso kale. Inabwerera kumanzere. Inabwereranso kumanja. Tchipisi chinazizira ndikuyang'ana. Masitepe ankangochuluka, palibe chodyedwa, palibe cholowa, koma pakona pa sikirini inkangonenabe monyada kuti oyera ali patsogolo ndi poni imodzi. Poni yake iti? Yomwe ija yotsekeredwa, yosatha kusuntha mpaka kalekale. Pulogalamu yanga inkawerenga maponi ngati munthu wowerenga mbuzi za eni ake. Kupita kutsogolo sikunkapambana chilichonse, ndipo iyo sinkadziwa.

Ndinakankhira tchipisi kumbali. Ndinachotsa malire a masitepe asanu ndi atatu aja, n'kuiuza kuti iganize mpaka itatopa. Khumi. Khumi ndi awiri. Khumi ndi anayi. Laputopu inayamba kulira ngati chigayo, pansi pake pakutentha, ndipo nambala inaima njii. Ndinatsegula kuti ndione chimene ikulimbana nacho, ndipo ndinachita manyazi ndi ntchito ya manja anga. Mfumu ikapita kumanja kenako kumtunda, kapena kumtunda kenako kumanja, imafika pakabokosi komweko. Munthu aliyense amadziwa zimenezo. Koma pulogalamu yanga ikafika pamalo amene inafikapo kale, inkayambiranso kuwerengera ngati ikuwaona koyamba. Pakati pa masewera, zida zili zambiri, vutoli silioneka kwambiri. Koma apa, pamene oyenda ndi mafumu awiri okha, pafupifupi ntchito yonse inali yobwereza.

Ndinakumbukira kuti kalekale ndinalemba kachigawo kosunga malo amene yaona kale pamodzi ndi yankho lake, ngati kaundula. Ndinakazimitsa chifukwa kankadya malo mu laputopu yanga yakale, ndipo ndinaiwala kukayatsanso. Ndinakayatsa. Kenako ndinapeza chidule china chimene ndinaikamo pofuna liwiro. Pulogalamu inkadzifunsa kuti, bwanji nditangokhala osayenda, mdani ayende kawiri? Ikaona kuti ngakhale zitatero zinthu zili bwinobe, inkasiya kufufuza njira imeneyo. Chidule chimenechi chimadalira chikhulupiriro chakuti nthawi zonse ndi mwayi kukhala woyenda iwe. Koma bambo anandiuza kambirimbiri ndili wamng'ono kuti maponi akatsekerana, nthawi zina amene wafikiridwa kuti ayende ndiye wafa, chifukwa mu tchesi sunganene kuti ndadutsa. Uyenera kusuntha, ngakhale kusunthako kukuchotse pakhomo limene ukulondera. Ine ndinamva ndi makutu okha, n'kupita kukalemba pulogalamu yokhulupirira zosiyana.

Foni ya padesiki inalira. Anali asekeletale a abwana, pulinta yatsamwanso. Ndinati ndikubwera, koma sindinapite. Ndinalemba lamulo latsopano, lalifupi: pabolodi pakangotsala mafumu ndi maponi, chidule chija chisiyidwe, kaundula agwire ntchito, ndipo malire a masitepe asakhalepo. Njira zimakhala zochepa, choncho ipite kutali. Ndinadina.

Manambala anayamba kuthamanga. Khumi ndi asanu ndi limodzi, kutsogolo. Makumi awiri, kutsogolo. Makumi awiri ndi awiri, kutsogolo. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinali wolondola ndithu, mwina palibe njira yopambanira ndipo mkuluyu akungoseweretsa zidole. Pa makumi awiri ndi anayi inaima pang'ono. Kenako inafika pa masitepe makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, ndipo yankho linasintha.

Cham'mbali.

Pansi pake inalemba njira yonse. Cham'mbali, cham'mbali, cham'mbali, kenako kubwerera. Ndendende zimene dzanja lonjenjemera lija linachita pakhonde dzulo lake, osaphonya kabokosi ngakhale kamodzi. Ndipo inati oyera apambana, komanso kuti sitepe ina iliyonse yoyambira, kuphatikizapo yanga ija yakutsogolo, imataya chipambano.

Ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira. Pawindo ndinkaona tauni ili pa ntchito yake ya masiku onse, amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu, oitanira akukuwa "Limbe! Limbe!", anthu a mataye akuwoloka pakati pa magalimoto. Ndinkafuna kutsegula windo ndiwaitane onsewo abwere adzaone. Ndinakhalanso pansi n'kutsatira njirayo pang'onopang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaona zimene bambo ankaona. Kabokosi kalikonse kamene mfumu yoyera yapondapo kali ndi kanzake kumtunda, kumene yakuda iyenera kuima kuti ikwanitse kufika pamipata yonse iwiri pa nthawi yake. Yoyera ikasuntha, yakuda iyenera kupeza kanzake katsopano. Koma kumtundako malo ndi opanikiza. Ukayenda cham'mbali modekha, imafika nthawi imene yakuda ikufuna kabokosi kamene sikangafikike ndi sitepe imodzi, ndipo imachedwa ndi sitepe imodzi yokha basi. Inali ntchito yawo yakale ija ya kunjanji, yakuti afike poyamba ndani.

Ndinachita mantha, mantha aulemu, onga amene amakugwira ukalowa m'tchalitchi mopanda anthu. Zida zisanu ndi zinayi zokha pabolodi, zisanu ndi ziwiri zosatha kuyenda, koma mkati mwake muli kuya kotere. Ndipo munthu wosatha kutchula dzina lake, wodontha dovu mbali imodzi ya pakamwa, anali atanyamula kuya konseko m'mutu mwake. Pambuyo pake ndinadzamva kuti kaimidwe ka zida kameneka n'kakale, kodziwika kwa akatswiri, ndipo sindidziwa kumene bambo anakaona. Koma tsiku limenelo chimene chinandilasa n'chakuti kwa masabata atatu anali kutilembera kalata. Pakamwa patatsekeka, dzanja lolembera litafa, anasankha chinthu chovuta kwambiri chimene ankachidziwa n'kuchiika pakhonde, kuti wodutsa aliyense aone kuti iwo alipobe. Mwana wawo wophunzira ndinabwera ndi makina oona masitepe asanu ndi atatu n'kulengeza kuti mutu sukugwira.

Ndinaimbira achemwali, koma anali m'kalasi, sanayankhe. Bambo aang'ono anayankha, ndipo nditayamba kufotokoza za kaundula ndi masitepe anandidula. "Mwanawe, galimoto ndapangana nayo kale. Tikambirana ndikafika." Pulinta ya abwana ndinakaitsegula madzulo.

Loweruka ndinafika ku Manja m'mawa, koma bambo aang'ono anali atandipitirira. Pikiyapu yobwereka inali pageti, matiresi atayalidwa kale kumbuyo. Zikwama ziwiri zinali pakhomo. Bambo anali pakhonde atavekedwa jekete yawo ya kutchalitchi, maso ali pansi. Bolodi linali litapindidwa, lili pamwamba pa chikwama.

Ndinalitenga n'kuliyala pakatebulo. Ndinaika zida monga ankaikira, kenako ndinagwada pambali pa mpando wawo.

"Bambo, ndinalakwa. Ndikupempha tisewere. Inu oyera, ine ndi makinawa akuda."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati ayi, n'kutambasula dzanja kugwira mfumu.

Ndinakhala moyang'anizana nawo, laputopu ili pamiyendo, sikirini italoza kwa ine kuti asaone. Achemwali ndi bambo aang'ono anaima kumbuyo kwanga. Bambo anakankha mfumu cham'mbali. Pulogalamu, imene tsopano inali ikuona kutali, sinayankhe monga bambo ankayendetsera akuda aja. Inabweza mfumu yake kukona kwenikweni, njira imene sindinawaonepo akuyesa. Ndinayendetsa pabolodi. Ngati mkuluyu ankangobwereza zimene dzanja linazolowera, apa ndiye pogwera pake.

Dzanja lawo linaima m'malere, kenako linabwerera pabondo. Mphindi zinayamba kupita. Woyendetsa galimoto analiza hutala pang'ono. Bambo aang'ono anayang'ana wotchi, n'kunena kuti msewu ndi wautali ndipo kumunsi kumatentha likakwera dzuwa. Achemwali anandigwira paphewa.

"Iwe, usawazunze. Waona wekha kuti asokonezeka."

"Tidikire, achemwali," ndinatero. Ndikhulupirira kuti aka kanali koyamba mawu amenewa kutuluka pakamwa panga.

Ndinayang'ana bondo lawo ndipo ndinaona chala chikugogoda, kamodzi, kawiri, katatu, n'kuima, n'kuyambanso. Milomo inkagwedera popanda mawu. Maso ankayenda kuchoka kumpata wakumanzere kupita wakumanja, n'kubwerera. Pasikirini yanga yankho lolondola linali litalembedwa kale, ndipo ulendo uno silinali la cham'mbali. Ndinaloza ndi chala kuti awiri aja aone, osalankhula. Ndikuganiza kuti panapita mphindi makumi awiri. Kenako dzanja linanyamuka, linagwira mfumu, n'kuikankhira kutsogolo, kabokosi kamodzi, pomwepo pamene makina analemba.

Achemwali anagwira pakamwa. Ine misozi inangotsika, sindinaipukute n'komwe.

Kuchokera pamenepo sanachedwenso. Sitepe iliyonse inkagwirizana ndi ya pasikirini, ngati akuonera. Inafika nthawi imene mfumu yanga yakuda inayenera kusuntha ngakhale sinkafuna, ndipo itangochoka pamalo pake, yoyera inauyamba ulendo wa kumpata wakutali uja. Yanga inathamangira komweko koma inafika mochedwa ndi sitepe imodzi. Poni yakuda inadyedwa, yoyera inapeza njira n'kuyamba kukwera. Bambo anatambasula chala n'kugwetsa mfumu yanga yakuda. Anayang'ana laputopu kwa nthawi yoyamba, anati "ayi," n'kuseka ndi theka la pakamwa limene linkagwira ntchito.

"Ine tchesi sindiidziwa, ndimadziwa bawo," anatero bambo aang'ono. Anali atavula chipewa. "Koma munthu wowerengera ndimamudziwa. Akulu, mutikhululukire. Mutu ukugwira."

Ndinatembenuka ndikuyembekezera kuti achemwali asangalala. Nkhope yawo inali itauma.

"Ukugwira, chabwino, tathokoza Mulungu," anatero. "Nanga Lolemba awasambitsa ndani? Kompyuta yanuyo, achimwene? Munabwera ndi umboni Lachinayi, mwabweranso ndi umboni wina lero. Inu mumangobwera ndi maumboni. Ine ana anga akundiiwala nkhope."

Zonse zinali zoona. Achemwali akanditchula kuti achimwene ndi inu, ndimadziwa kuti zafika poipa.

"Ndiye tiwafunse eni ake," anatero bambo aang'ono. "Koma tiwafunsa bwanji munthu wa ayi?"

Apo ndinadzukanso ndi nzeru zanga. Ndinachotsa zida pabolodi. Ndinapempha kiyi wa galimoto kwa woyendetsa n'kumuika mbali imodzi. Ndinatenga kiyi wa nyumba ya ku Manja n'kumuika mbali inayo. Kenako ndinawapatsa bambo mfumu yoyera m'dzanja.

"Bambo, uyu ndi Nsanje. Uyu ndi kuno kwanu. Ikani mfumu kumene mukufuna, ndipo tichita zomwezo."

Anayang'ana kiyi wa galimoto, n'kuyang'ana mng'ono wawo. Anayang'ana kiyi wa nyumba, nyumba imene anamanga okha, imene mayi anamwaliriramo. Ndinali wotsimikiza kuti aika pamenepo. Koma anakweza maso n'kuyang'ana achemwali. Anawayang'ana nthawi yaitali, nkhope yoonda ija, manja ong'ambika ndi sopo. Chala chinayambanso kugogoda pabondo. Palibe amene anawafulumizitsa, ngakhale woyendetsa galimoto anali atabwera kudzaima pamasitepe a khonde.

Kenako anandikodola ndi mutu kuti ndiyandikire. Ndinawerama, poganiza kuti akufuna ndiwakonzere jekete. Dzanja lija linakwera pang'onopang'ono, linafufuza pachifuwa panga mpaka linapeza thumba la malaya. Anaponyamo mfumu, n'kusisita pathumbapo kawiri.

Makiyi ndinaika awiri okha. A kunyumba kwanga anali m'thumba la thalauza, ndipo bambo anali atawerengera mpaka kumeneko.

Ndinaimbira mayi a kunyumba kwanga ndili pomwepo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndinakuuzani kalekale kuti muchotse zitsulo zanu zija. Bwerani nawo, ndikukolopa." Pikiyapu inanyamuka ndithu tsiku limenelo, matiresi ali kumbuyo, bambo atagona pamenepo, bambo aang'ono atawagwirira ambulera. Inadutsa m'tauni n'kulowera ku Chirimba. Achemwali anatsikira panjira kukakwera minibasi ya ku Nancholi, ndipo ndinamva kuti atafika anagona mpaka Lamlungu masana.

Ine masana onse a Loweruka limenelo ndinali kutulutsa makompyuta akufa m'chipinda, imodziimodzi, kukaunjika kuseri kwa nyumba, mfumu ikundigunda pachifuwa ndikawerama. Lolemba m'mawa ndinatenthetsa madzi, n'kuwasambitsa bambo anga koyamba. Ndinachedwa ku ntchito, chifukwa ndinali ndisanadziwe kuti munthu wofa mbali imodzi amayamba kuvekedwa mkono wakufawo.